Injini ikulira bwino, nanga mabuleki?

Mvula ikangokata, misewu yafumbi yolowera m'misika ya Mponela, Mitundu, Santhe, Kamwendo, Jenda ndi Lizulu imadzadza ndi mathirakitala okoka ngolo. Ngolo zina zimasenza mabelo a fodya, zina matumba a chimanga, soya ndi mtedza, zina njerwa ndi mchenga wa anthu amene akumanga nyumba ndi ndalama za zokolola. Likafika Loweruka, ngolo yomweyo imasesedwa n'kunyamula anthu opita kuukwati, kumpira kapena kumaliro. Amayi amakhala pansi atafukata ana, anyamata amaimirira m'mbali, ndipo sipalephera wina wokhala pamadigadi pafupi ndi dalaivala.

Ambiri mwa mathirakitalawa adapangidwa madalaivala ake asanabadwe. Eni ake ndi oyenera kuwayamikira chifukwa kusunga makina a zaka 50 kuti azilimabe si ntchito yamasewera. Koma munthu akamvetsera zokambirana za pagalaja, amapeza kuti nkhani imakhala ya injini, pampu ya dizilo, batire ndi matayala. Za mabuleki zimabwera kumapeto, ndalama zitatha, ndipo nthawi zambiri sizibwera n'komwe.

Chizolowezi chimenechi chiyenera kutha. Thirakitala yomwe mabuleki ake sagwira siyenera kutuluka pageti, kaya injini yake ikulira bwino chotani. Kukonza mabulekiwo kuyenera kukhala ntchito yoyamba msika usanatsegulidwe, ndipo ikhale ntchito yeniyeni, osati yongopaka phula m'maso.

Makina akale sakupita kulikonse

Kuti nkhaniyi imveke bwino, ndi bwino kudziwa kumene makinawa adachokera. Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa ku Northern Ireland, ndiye adayambitsa kathirakitala kotuwa kotchedwa TE20. Kathirakitalaka kadapangidwa pafakitale ya Banner Lane mumzinda wa Coventry ku England kuyambira 1946 mpaka 1956, ndipo adatuluka oposa 500,000. Mu 1953 kampani ya Ferguson idaphatikizana ndi ya Massey-Harris ya ku Canada, ndipo m'pomwe padachokera dzina la Massey Ferguson. Pambuyo pake padabwera mtundu wa 35, kenako mu 1964 padabwera 135 ndi 165, mathirakitala ofiira amene adalima m'maesiteti ambiri a fodya m'zaka zomwe ulimi wa maesiteti udakula ku Kasungu, Mchinji ndi madera ena.

Maesiteti ambiri adagwa kapena kuchepetsa ntchito, koma makina ake sadafe. Adagulitsidwa kwa alimi, amalonda ndi amakaniko, ndipo adakali pantchito. Sipadzapezeka owalowa m'malo msanga. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chidakwera mtengo. Thandizo la boma nalo lidakhumudwitsapo alimi. Mu 2016 Martha Chizuma, yemwe panthawiyo adali Ombudsman, adatulutsa lipoti lokhudza mathirakitala 177 ndi makina 144 otongolera chimanga amene boma lidagula ndi ngongole ya ku India. Lipotilo lidapeza kuti ochuluka ndithu adagulitsidwa kwa anthu ochita bwino m'malo mothandiza alimi ang'onoang'ono amene ankayembekezera.

Choncho thirakitala yakale ikhala ikuyendabe m'misika kwa zaka zambiri. Funso lofunika ndi loti izikhala ikuyenda motani, ndipo ikafuna kuima iziima bwanji.

Momwe mabulekiwa amagwirira ntchito

Mwayi ulipo ndi woti mabuleki a TE20, 35 ndi 135 ambiri ndi osavuta kuwamvetsa. Alibe mafuta a mabuleki ngati a minibasi, alibe mapaipi, alibe mawaya a magetsi. Dalaivala akaponda pedulo, ndodo yachitsulo imakoka kachitsulo kamene kamatembenuka mkati mwa diramu lomwe limazungulira pamodzi ndi tayala. Kachitsuloko kamakankhira kunja zitsulo ziwiri zopindika, zomwe amakaniko amazitcha nsapato za mabuleki, ndipo nsapatozo zimakhuza mkati mwa diramu mpaka tayala litaima. Phazi likachoka papedulo, masipuling'i amabweza nsapatozo m'malo mwake. Mtundu wa 165 ndi ena akuluakulu ali ndi mabuleki a mbale zozungulira amene amakhala mkati, pafupi ndi giyabokosi, ndipo ntchito yowafikira ndi yaikulu, koma matenda ake ambiri ndi omwewa.

Pali zinthu ziwiri zomwe aliyense wokwera ngolo ayenera kuzidziwa. Choyamba, mabuleki ali kumatayala akumbuyo okha. Matayala akutsogolo alibe kanthu. Chachiwiri, tayala lililonse lakumbuyo lili ndi buleki yakeyake. Adapanga dala choncho kuti dalaivala akafika kumapeto kwa munda aziponda mbali imodzi, thirakitala n'kutembenuka pamalo ochepa. Polima, tayala limodzi likayamba kuterereka, dalaivala amapondanso mbali yomweyo kuti mphamvu ipite kutayala linalo. Mapeto ake mbali imodzi imatha msanga kuposa inzake. M'munda zimenezi sizivuta. Pamsewu, thirakitala ikuthamanga, buleki yogwira mbali imodzi imaikokera kumbali mwadzidzidzi, ndipo ngolo yakumbuyo imamaliza ntchito yoigwetsa.

Mdani wamkulu ndi oyilo

Nsapato zimatha ngati chinthu china chilichonse chokhuzika, koma chimene chimapha mabuleki a mathirakitala akale kawirikawiri ndi oyilo. Shafiti yomwe imazunguza tayala lakumbuyo imachokera mkati momwe muli oyilo wa giyabokosi. Kumapeto kwake kuli kamphira kotseka, komwe amakaniko amati oil seal, kuti oyiloyo asatuluke. Kamphirako kakakalamba kamauma n'kuyamba kudontheza. Beringi ikayamba kugwedera, shafiti imavina n'kukang'amba msanga. Mwini thirakitala akathira oyilo wopitirira muyezo, poganiza kuti akuchita bwino, amangowonjezera vutolo. Oyiloyo amatsikira m'diramu, nsapato n'kumumwa ngati chinkhupule, ndipo m'malo mogwira zimangoterera.

Zizindikiro zake sizibisika. Kumbuyo kwa tayala kumaoneka kwakuda ndi konyowa, fumbi litamatirira. Pansi pa diramu pamadontha. Pedulo imalimba bwinobwino koma thirakitala imangopitirira. Chizindikiro china ndi pedulo yomwe imatsika mpaka pansi isanagwire kanthu, kusonyeza kuti nsapato zatha kapena zatalikirana ndi diramu. Palinso pedulo yomwe sibwerera ikapondedwa chifukwa chitsulo chomwe imazungulirapo chidachita dzimbiri posowa girizi.

Pano m'pomwe pamayambira nzeru zachidule zomwe zaika miyoyo ya anthu ambiri pachiswe. Ena amatsuka nsapato zonyowazo ndi petulo. Ena amaziwotcha pamoto kuti oyilo atuluke. Tsiku loyamba mabuleki amaoneka ngati agwira, koma oyilo amene adalowa mkati amatulukanso nsapato zikangotentha, ndipo zimatentha kwambiri pamtsetse, pamalo pomwe zikufunikira. Moto umafooketsanso chikopa cha nsapatoyo, mwina mpaka kumatuka. Ena amagula nsapato zatsopano koma kamphira kodonthako osakasintha, ndipo pakatha milungu yochepa nsapato zatsopanozo zanyowanso. Enanso amangofupikitsa ndodo yochokera kupedulo kuti pedulo ikwere. Pedulo imakweradi, koma nsapato zakuthazo zimakhala zomwezo. Uku n'kusesa pabwalo m'nyumba muli zinyalala.

Ntchito yeniyeni imayenda chonchi

Kukonza koyenera kumayamba sipanala isanagwiridwe. Thirakitala iimikidwe pamalo olimba ndi athyathyathya, injini izimitsidwe, matayala akutsogolo atsekedwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Ekiselo yakutsogolo ya thirakitala imapendekeka pakati, choncho iyenera kukhomeredwa timitengo mbali zonse kuti makina asagwere mbali imodzi tayala lakumbuyo likachoka. Jeke ndi wongokwezera. Ikakwera, thirakitala ikhazikidwe pazitsulo zochirikizira kapena pazipika za mtengo wolimba. Njerwa, ngakhale zootcha bwino, zimaphwanyika popanda chenjezo. Tayala lakumbuyo ndi lolemera, makamaka ngati lidathiridwa madzi kuti lizigwira nthaka, ndipo likagwera munthu limathyola miyendo. Si ntchito ya munthu mmodzi, ndipo ana sayenera kusewera pafupi.

Tayala likachoka, kachitsulo kosendezera nsapato kabwezedwe kuti nsapato zisiye diramu, kenako diramu litulutsidwe. Mmisiri wanzeru amajambula ndi foni mmene masipuling'i akhalira asanachotse kalikonse, chifukwa pobwezera m'pomwe ambiri amasokonezeka. Diramu liyang'anitsitsidwe. Ngati lili ndi ming'alu, mizere yakuya kapena lidatha mpaka kupanga mlomo m'mphepete, lipite kwa odziwa kusema zitsulo kapena lisinthidwe. Masipuling'i otambasuka kapena adzimbiri atayidwe.

Ngati muli oyilo, shafiti iyenera kutuluka. Apa m'pomwe ntchito imafuna luso. Pamathirakitala ambiri amtunduwu beringi imagwiridwa ndi mkombero wachitsulo womwe adauveka uli wotentha, ndipo utazizira udakakamira pashafiti. Mkomberowo sutuluka ndi hamala. Umabooledwa n'kung'ambidwa, beringi imakankhidwa ndi makina opanikizira, ndipo pobwezera pamafunika mkombero watsopano wotenthetsedwa. Amene amamenya shafiti ndi hamala yaikulu kapena kuwotcherera mkombero wakale amaika tayala lonse pangozi yosololoka pamsewu. Pakati pa zitsulo zogwira shafiti pamakhalanso timalata topyapyala. Timalatato si zinyalala. Ndi tomwe timasunga kampata kakang'ono pakati pa mashafiti awiri amene nsonga zake zimatsala pang'ono kugundana mkatimo. Tikachepa, mashafiti amakhuzana n'kutentha. Tikachuluka, shafiti imagwedera ndipo kamphira katsopano kamang'ambikanso. Tiwerengedwe pochotsa, ndipo mpatawo uyezedwe pobwezera.

Nsapato zisinthidwe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ngakhale mbali inayo ikuoneka ngati ilipo bwino. Diramu litsukidwe mpaka oyilo yense atachoka, ndipo manja a girizi asakhudze nsapato zatsopano. Malo onse ozungulira, kuyambira papedulo mpaka pakachitsulo kokankha nsapato, amasulidwe, apalidwe dzimbiri n'kupakidwa girizi pang'ono. Timapini tomwe timalumikiza ndodo tikatha tisinthidwe ndi tina toyenera, osati msomali wopinda kapena waya.

Chomaliza ndi kusendeza. Tayala lili m'mwamba, kachitsulo kosendezera kazunguzidwe mpaka tayala litakana kuzungulira, kenako kabwezedwe pang'onopang'ono mpaka tayala liziyenda momasuka. Mbali inayo ichitidwe chimodzimodzi. Ndodo zochokera kumapedulo zigwiritsidwe ntchito pongolinganiza kuti mapedulo awiriwo azigwira pamodzi. Zikatha izi, thirakitala iyesedwe pabwalo lafumbi, yopanda ngolo, mapedulo atamangidwa pamodzi. Mizere yomwe matayala asiya pansi iyenera kuyambira pamodzi n'kukhala yofanana kutalika. Thirakitala ikakhotera mbali imodzi, ntchito sinathe. Ikayenda kamtunda, mmisiri agwire diramu lililonse mosamala. Lomwe latentha kwambiri ndiye kuti nsapato zikukhuza, zimasulidwe pang'ono. Kachitsulo kogwira pedulo poimika thirakitala nako kaonedwe, chifukwa thirakitala yosiyidwa pamsika itatsamira mwala ikhoza kuyenda yokha pakati pa anthu.

Fumbi lomwe limapha mochedwa

Pali ngozi ina yomwe imagwera mmisiri yekha, ndipo siioneka tsiku lomwelo. Nsapato za mabuleki zakale zinkapangidwa ndi asbestos, mwala wa ulusi womwe supsa ndi moto. Ku Zimbabwe unkakumbidwa m'migodi ya ku Zvishavane ndi Mashava. Fumbi lake likalowa m'mapapo silituluka, ndipo patapita zaka 20, 30 kapena kuposerapo limayambitsa khansa ndi matenda ena olepheretsa kupuma. N'chifukwa chake Britain idaletseratu asbestos mu 1999, ndipo South Africa idachita chimodzimodzi mu 2008.

Thirakitala yomwe diramu lake lakhala zaka zambiri osatsegulidwa ikhoza kukhala ndi fumbi limeneli. Kuuzira diramu ndi pakamwa, ndi pampu kapena ndi mpweya wa makina ndiko kulimwaza kuti aliyense pagalajapo alipume, kuphatikizapo mwana wobweretsa nsima. Fumbilo linyowetsedwe ndi madzi a sopo, lipukutidwe ndi nsanza yonyowa, nsanzayo imangidwe m'jumbo n'kutayidwa kutali ndi ana. Mmisiri avale chophimba pakamwa ndi mphuno chothina bwino. Nsapato zakale zisapalidwe ndi sandipepa kapena makina onolera, ndipo ovolosi yafumbi isakutumulidwe pakhonde pomwe banja limadyera.

Zomwe eni mathirakitala amanena

Eni mathirakitala ali ndi mayankho awo, ndipo ndi oyenera kuwamvera. Loyamba ndi loti thirakitala imayenda pang'onopang'ono, ndiye mabuleki si ofunika ngati a basi. N'zoona kuti makinawa sathamanga kwambiri akamayenda ndi mphamvu ya injini. Koma ngozi ya thirakitala ili m'kulemera kwa zomwe ikukoka. Massey Ferguson 135 imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Matumba 60 a chimanga a makilogalamu 50 ndi matani atatu, osawerengera ngoloyo ndi anthu okhala pamwamba. Ngolo zambiri zowotcherera m'magalaja a m'misika zilibe mabuleki akeake. Ndiye kuti nsapato zinayi za kathirakitalako zikuyembekezeka kuimitsa katundu wolemera kuwirikiza kawiri kuposa thirakitala yomwe. Pamtsetse ngolo ndiyo imalamula. Imakankha kumbuyo, ndipo ikapeza thirakitala yapendekera pang'ono imaipinda ngati mpeni wam'thumba.

Yankho lachiwiri ndi loti dalaivala wodziwa amaimitsa thirakitala ndi giya. Pamenepa pali choonadi. Potsika phiri, giya yaing'ono iyenera kulowetsedwa mtsetse usanayambe, yomweyo imene ingafunike pokwera phirilo, ndipo injini imathandiza kugwira katundu. Koma giya imachedwetsa chabe. Mwana akadumphira mumsewu, mbuzi ikadutsa kapena kabaza akagwa kutsogolo, chofunika ndi kuima pomwepo. Komanso giya za makina akale zimatha kudumpha zokha, ndipo zikadumpha pamtsetse sizilowanso chifukwa magiyabokosi amenewa salola kusintha giya thirakitala ikuthamanga. Mathirakitala ena a Massey Ferguson ali ndi kachitsulo kotchedwa Multi-Power kosinthira liwiro popanda kuponda kilachi. Kakakhala pa Low, injini sigwira katundu potsika, thirakitala imangoyenda ngati yachotsedwa giya. Potsika kayenera kukhala pa High. Madalaivala ambiri amene adaphunzira ntchito pongoonera anzawo sadauzidwepo zimenezi.

Choipitsitsa ndi chizolowezi chochotsa giya pamtsetse pofuna kupulumutsa dizilo. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti makina aime umawirikiza kanayi. Thirakitala yomwe imaima pamamita ochepa ikuyenda makilomita 15 pa ola imafuna mtunda wotalika kanayi ikafika pa 30. Mabuleki a diramu akapondedwa nthawi yaitali amatentha n'kuchepa mphamvu, ngakhale atakhala atsopano. Amene amadziwa mitsetse ya Khwekhwerere potsikira ku Golomoti, ya Chiweta kapena yotsikira ku Thabwa panjira ya ku Chikwawa amvetsa. Koma sipafunika phiri lotchuka. Kamtsetse kotsikira pamlatho wa kudambo, komwe kali pafupifupi pamsewu uliwonse wa kumudzi, n'kokwanira.

Yankho lachitatu ndi la ndalama ndi kusowa kwa zipangizo. Ndalama ndi yovutadi, koma nsapato, masipuling'i ndi timphira totseka oyilo zili m'gulu la zipangizo zotsika mtengo pathirakitala. Kawirikawiri zonsezi pamodzi sizifika pamtengo wa tayala limodzi lakumbuyo. Zipangizo sizidasowenso monga ena amaganizira. Ngakhale fakitale ya ku Coventry idatsekedwa, kampani ya TAFE ku India ndi ya Millat ku Pakistan zakhala zikupanga mathirakitala ochokera kumtundu womwewu kwa zaka zambiri, ndipo makampani ena amapangabe zipangizo za mitundu yakaleyi chifukwa ikugwirabe ntchito m'maiko ambiri. Mwini thirakitala awerengere mbali inayo: ngolo ya fodya yogwera mumtsinje, thirakitala yosweka, chipepeso, milandu, ndi maso a anthu a m'mudzi momwe mwatuluka maliro. Mabanja amene amakwera ngolozi ndi anansi ake, makasitomala ake ndipo nthawi zina ana ake omwe.

Pali ena amene amati njira yachidule ndi kuletsa mathirakitala akale onse kuyenda pamsewu. Maganizo amenewa amakomera amene sadasowepo chonyamulira. Kumadera komwe malole safika mvula ikaononga misewu, thirakitala ndiyo imatulutsa zokolola, imabweretsa feteleza, imanyamula bokosi la maliro. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Vuto si ukalamba wa makinawa. Mabuleki ake akakonzedwa bwino, katundu akakhala wa muyezo, amagwira ntchito yomwe adapangidwira.

Thirakitala ikagubuduzika

Chifukwa china chosaseweretsera mabuleki n'choti makina akalewa alibe chotetezera dalaivala. Thirakitala ndi yaitali, yopapatiza, ndipo sichedwa kugubuduzika. Dziko la Sweden lidalamula mu 1959 kuti mathirakitala atsopano azikhala ndi chitsulo chotchinga dalaivala makina akagubuduzika, ndipo Britain idatsatira mu 1970. Imfa za madalaivala zidatsika kwambiri m'maikowa. Mathirakitala ambiri akale amene ali m'misika ya kuno alibe chitsulo chimenechi, ndipo ena adangowotchereredwa denga la malata lotchinga dzuwa, lomwe silingapirire kulemera kwa makina. Thirakitala yotere ikagwa, dalaivala ndi amene wakhala pamadigadi amapsinjika pansi pake. N'chifukwa chake pamadigadi sipayenera kukhala munthu, ndipo mapedulo awiri aja ayenera kumangidwa pamodzi nthawi iliyonse thirakitala ikatuluka m'munda. Kachitsulo komangirako kakathyoka kapena kutayika, kabwezeretsedwe tsiku lomwelo.

Udindo uli ndi eni ake

Mwini thirakitala ndiye woyamba. Nkhanga zidapangana kusanapse. Miyezi yomwe kulima kwatha koma kukolola kusanayambe ndiyo nthawi yotsegula madiramu, osati m'mawa wa tsiku lopita kuokushoni ku Kanengo kapena ku Chinkhoma. Ndalama ya mabuleki ipatulidwe pa ndalama za ulimi wa chaka chomwecho, monga imapatulidwira ya dizilo. Mwiniyo amverenso dalaivala wake. Madalaivala ambiri amadziwa kuti mabuleki adafa koma amaopa kunena kawiri, poti angauzidwe kuti ofuna ntchito ndi ambiri. Bwana amene amakakamiza wantchito kutsika phiri ndi makina osaima akhale akudziwa kuti mlanduwo ndi wake.

Amakaniko nawo ayenera kulimba mtima. Kasitomala akapempha kuti nsapato zingootchedwa kuti adutse sabata ino, mmisiri wodzilemekeza akane. Dzina la galaja limamangidwa zaka zambiri koma limagwa ndi ngozi imodzi. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi makoleji a ntchito zamanja monga a Lilongwe, Namitete, Nasawa ndi Salima, komanso makoleji a m'madera amene adayamba kutsegulidwa mu 2015, angathandize pokonza maphunziro afupiafupi a amisiri a m'misika okhudza makina a ulimi. Amisiriwa alipo kale ndipo ali ndi luso. Chomwe ambiri akusowa ndi wowaonetsa kayezedwe koyenera, kuopsa kwa fumbi lija ndi makina opanikizira beringi amene magalaja angapo angathe kugula mogwirizana.

Apolisi a pamsewu ndi nthambi ya boma yoona za pamsewu ali ndi mbali yawo. Lamulo la pamsewu la 1997 silidalembedwere minibasi zokha. Wapolisi amene amafunsa mapepala a galimoto angathenso kupempha dalaivala wa thirakitala kuti ayende pang'ono n'kuponda mabuleki. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi ziwiri. Cholinga chisakhale kupezerapo ya fanta, koma kubweza thirakitala yosaima kuti ikakonzedwe isanaphe munthu. Makalabu ndi makopaletivu a alimi amene amachita hayala thirakitala yonyamula zokolola zawo aike mfundo ya mabuleki m'pangano lawo.

Pomaliza pali mabanja, amene ndiwo amakwera. Komiti ya ukwati imakhala pansi kukambirana za mpunga, nkhuku ndi zoimbira, koma za chonyamula anthu imangofunsa mtengo. Adzukulu ndi akuluakulu a pamaliro amathamangira thirakitala iliyonse yomwe yapezeka. Safunsa adadya phula. Munthu mmodzi wamkulu angathe kuzungulira thirakitala, kuyang'ana ngati kumbuyo kwa matayala kuli oyilo, kuona ngati mapedulo amangidwa pamodzi, kuona ngati chitsulo cholumikiza ngolo chili ndi chotsekera, kenako n'kupempha dalaivala kuti ayende pang'ono aime anthu asanakwere. Dalaivala amene mabuleki ake ali bwino sangakwiye ndi pempho lotere. Amene wakwiya kapena wayamba kufotokoza kuti iye amaimitsa ndi giya wayankha kale funsolo, ndipo ana asakwere ngolo imeneyo.